Thobwa la Mainess

Mtendere, Lusaka
14 Ogasiti 2023

Akulu anga a Mainess, amake Kondwa,

Moni wa masiku. Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu anga a Alick. Kuno tilipo, kungoti miyendo ndiye yayamba kundikana; kuimirira m'shopu ya mwini kuyambira m'mawa mpaka madzulo si masewera. Nanga Kondwa akumveka ku Solwezi kuja, kapena migodi yamumeza?

Foni yanu ija mwaikwirira kuti? Ndakhala ndikuimba mpaka chala kuwawa, koma mzimayi wa m'kati muja amangoti nambala siikupezeka. Ndiye ndati ndibwerere ku zakale, ndilembe kalata ngati tidakali pa sukulu ku Katete, ndipatsire ba Elvis a minibasi popeza amadutsa njira ya kwanuko.

Nkhani ndi iyi: mwana wanu Lillian akukwatiwa. Ndikuti mwana wanu chifukwa munamulera ndinu kuyambira akuyamwa chala mpaka giredi faifi, ine ndikusakasaka moyo muno m'tauni, ndipo mpaka lero inu amakutchulani Amama, ine womubereka ndine ba mami chabe. Mnyamatayo dzina lake Chileshe, Mbemba wa ku Kasama. Inde, sekani, mwana wathu akupita kukadya anyani, monga timawanenera Abemba. Koma ndi mnyamata wofatsa, amagwira ntchito ya magetsi, ndipo akamandipatsa moni amagwada mpaka bondo kugunda pansi.

Akwawo apempha chilanga mulilo. Mwambo wawo uja mukuudziwa: ife akuchikazi tiphike zakudya zonse za kwathu, tizisenze pamutu ndi nyimbo ndi ng'oma mpaka kwa mkamwini, kuti aone zimene azidzadya m'banja. Tagwirizana Loweruka lomaliza la Novembala.

Ine pandekha sindingathe. Amayi kulibe, ndiye mayi wathu tsopano ndinu. Mubwere kudakali milungu iwiri, mudzagwire khitchini yonse monga mumachitira pa maukwati ndi pa maliro a ku Kanakantapa konse. Ndawauza kale anzanga a kumpingo kuti akulu anga akaima pa moto, mapoto amachita kufola okha. Mudzabwere ndi nkhuku za kumudzi, nsinjiro, mfutso wa nkhwani ndi wa khwanya, nyemba, ndi thobwa lanu lija anthu amatsala akunyambita makapu. Mbewa musaiwale, Abembawa tiwaone ngati ali ndi mtima.

Yankhani msanga, mtima wanga uli m'mwamba.

Ndine mng'ono wanu,
Ednah


Kanakantapa
24 Ogasiti 2023

Mng'ono wanga Ednah,

Kalata yako ndalandira. Ndaiwerenga ndekha, kenaka alamu ako andiwerengeranso ine nditagona pa mphasa, ndipo ndalira ndi chimwemwe. Lillian uja ankakana kusamba mpaka ndimuthamangitse kuzungulira khola la mbuzi, lero akukwatiwa! Anyaniwo akadye, bola mchira asatitumizire.

Foni inagwera m'chitsime cha kudimba mwezi wa Juni. Ndinawerama kuti nditunge madzi, mutu unazungulira, foni inatsogola, ine ndinatsala pang'ono kuitsatira. Ya alamu ako batire inatupa kalekale. Kondwa analonjeza kutumiza ina kumapeto kwa mwezi, koma mwezi wa ku Solwezi sukutha. Ndikanatha kubwereka ya aneba, koma pa foni ya eni munthu umangoti ndili bwino tokotaimu isanathe.

Ednah, ndikuuze zoona. Chichokereni malungo aja a mu Epulo thupi langa silinabwerere pamalo pake. Kukiliniki anati magazi ndi ochepa ndipo bipi yakwera. Anandipatsa mapiritsi, ndikumwa. Malungo anapita, koma anapita ndi munthu uja umamudziwa iwe. Masiku ena ndimadzuka ndili Mainess: ndimathirira repu, ndimachapa, ndimasesa ndikuimba. Masiku ena kungonyamula keni imodzi yothiririra mtima umagunda kukhosi, miyendo ngati yobwereka, ndipo ndimakhala pansi pakati pa dimba mpaka alamu ako andipeze. Chovuta n'chakuti pogona sindidziwa kuti mawa adzuka ndani.

Ndatopa, mng'ono wanga. Si kutopa kuja umagona n'kutha ayi. Ndimagona nako, ndimadzuka nako.

Dimba ndachepetsa. Mabedi a kumunsi ndawasiya, amere udzu. Ku Chigwirizano cha amayi ndawauza kuti zogona pa maliro ndi kuphika m'madiramu ndayamba ndapuma. Ena andiyang'ana ngati ndalowa mpingo wina, ndipo mmodzi wandikumbutsa kuti nanenso ndidzafuna ondiphikira pa tsiku langa. Ndamuuza kuti n'chifukwa chake sindikulifulumizitsa tsikulo.

Ndiye za Lillian. Kubwera ndidzabwera, ngakhale pa wilibala. Koma khitchini yonse sindingathe, ndipo milungu iwiri ya m'tauni, phokoso ndi kugona pansi, ingandimalize tsikulo lisanafike. Undilole ndigwire chimodzi, ndichigwire bwino, ndipo chimenecho chikhale thobwa. Nkhuku, nsinjiro ndi mfutso ndidzatumiza. Ophika upeze amayi a kumpingo kwako. Pa tsiku la mwana wanga ndikufuna ndidzakhale ndili maso, osati mtolo pa kona.

Ukapeza mafuta opaka miyendo aja onunkha mpaka m'maso, unditumizire. Umupatse moni Lillian, umuuze kuti tsopano azisamba yekha.

Ndine mkulu wako,
Mainess


Mtendere
12 Seputembala 2023

Ba sisi,

Moni. Mafuta ndatumiza. Koma kalata yanu sinandikomere, ndisaname.

Kutopa? Ndani sanatope? Ine ndimalawirira pa mpope madzi asanatseke, ndikwere mabasi awiri, ndiimirire tsiku lonse kumwetulira makasitomala amene amangogwiragwira katundu osagula. Miyendo imatupa mpaka nsapato ndimachita kuvula ndi sopo. Koma sindinauzepo munthu kuti ndigwira chimodzi. Amayi athu analima mpaka mlungu umene anamwalira. Munawamvapo akuti lero thupi lakana?

Ndipo chimene chandiwawa kwambiri ndi ichi. Ndinawafunsa ba Elvis kuti akulu anga ali bwanji. Anaseka n'kunena kuti, "Ba Mainess? Bali che bwino maningi. Pa Chiwiri nenze nabo, banyamula saka ya repu pamutu beka kufika pa stesheni, nakuseka baseka." Ndiye za msika wa ku Chongwe mphamvu zilipo, koma za mwana wanga palibe?

Ngati pali chimene tinakulakwirani, nenani poyera. Kodi n'chifukwa choti sitinabwere pamene munadwala mu Epulo? Ndinakutumizirani mawu kuti abwana sanandipatse tchuthi. Kapena simukufuna Mbemba? Azakhali ake a Chileshe anafunsa kale kuti mayi wamkulu wa mtsikana ndani, ine ndinatchula inu, khosi lili njo. Tsopano ndikawauze chiyani, kuti mayi wamkulu adzafika ngati mlendo atanyamula chigubu?

Lillian sindinamuuze. Sindikufuna alire, ali kale ndi zambiri kwa alangizi.

M'pepala la mafutamo mulinso zakumwa za m'zitini zija amamwa madalaivala a malole kuti asagone pa msewu. Tikugulitsa m'shopu mwathu. Ine ndimamwa chimodzi m'mawa uliwonse, ndipo n'chimene chimandifikitsa madzulo. Imwani, mulimbe. Thupi mukalilemekeza kwambiri limakukwerani pamutu.

Ndikudikira yankho lina, osati lijali.

Ednah


Kanakantapa
9 Okutobala 2023

Alamu,

Ndine Alick. Sindine wolemba makalata, ndiye mukhululuke ngati mawu ali owuma. Akulu anu sangathe kugwira bolopeni, n'chifukwa chake ndalemba ine, ndipo sakudziwa kuti ndikulemba.

Kalata yanu anaiwerenga, anaipinda n'kuiika m'Baibulo. Patapita masiku pang'ono anadzuka tsiku lawo labwino. Anamwa chitini chimodzi cha zija munatumiza n'kunena kuti, "Lero ndikumva ngati mtsikana." Ine ndinasangalala, sindingabise, chifukwa ndinali nditawasowa amake Kondwa oterowo. Anatipula mabedi a kumunsi aja anawasiya. Anasenda mtedza, n'kusinja nsinjiro mu mtondo mpaka dzuwa kulowa. Mawa lake anamwa china, anathyola nkhwani, anafutsa, anachapa mabulangete. Tsiku lotsatira kunagwa maliro kwa aneba athu a Mwaanga, ndipo anapita. Anagona komweko pa simenti, m'mawa n'kuima pa diramu la nyemba kutentha konse kuja. Amayi a Chigwirizano anaomba m'manja kuti Mainess wabwerera.

Anagwa kumanda, nyimbo ili m'kati. Tinawanyamula pa ngolo ya ng'ombe kupita kukiliniki. Anesi anatikalipira tonse awiri, makamaka nditawaonetsa chitini. Akuti munthu wa bipi zimenezo asayandikire. Tsopano ali kunyumba. Uno ndi mlungu wachiwiri, ndipo popita kuchimbudzi ndimachita kuwagwira mkono. Repu yambiri yauma, chifukwa ine ndekha sindikwanitsa kuthirira ndi kuphika, komanso zimene ndikuphikazo ngakhale galu akuyamba waganiza.

Za Lachiwiri limene ananena Elvis ndi zoona. Anasenza thumba, anaseka. Chimene Elvis sanaone ndi Lachitatu ndi Lachinayi, pamene akulu anu anagona chafufumimba osatha kumwa ndi tiyi yemwe. Elvis amaona anthu amene afika pa siteshoni. Amene agona m'nyumba sawaona.

Sindikukuimbani mlandu, chifukwa nanenso ndinaomba nawo m'manja. Koma ndapota nanu, musawalemberenso zowakakamiza. Munthuyu ndimamudziwa. Akangomva kuti mwakhumudwa adzadzukanso, ndipo ulendo winawo sindikudziwa ngati ngolo idzafike nthawi yabwino. Ndachita mantha, alamu. Zaka zonse takhala limodzi sindinaonepo nkhope yawo yotuwa ngati tsiku lija.

Zitini zotsala ndathira pa chulu, chiswe chilimbe. Kalatayi ndapatsira Elvis yemweyo.

Mlamu wanu,
Alick


Mtendere
30 Okutobala 2023

Amake Kondwa,

Mwezi wonse watha, wina wafika pakati, yankho palibe. Chete wanuyo ndamumva.

Ba Elvis sakuoneka pa siteshoni masiku ano, ndiye iyi ndapatsira amake Mavis, mayi wa kwanuko amene amabweretsa tomato kuno. Musavutikenso. Ndapeza amayi a kumpingo, ndi mayi wina wophika pa maphwando. M'malo mwa thobwa tidzagula maheu a m'shopu. Inu pumulani, popeza kupuma ndiyo ntchito imene mwaipeza.

Dzulo ndinamuuza Lillian kuti Amama ake sabwera. Sanalire. Anangondiyang'ana n'kufunsa kuti, "Ba mami, mwabafunsa kuti bamvela bwanji, olo mwabauza che vochita?" Ndinamukalipira mpaka aneba kusuzumira. Mwana munamulera ndinu, pakamwa pake ndi panu.

Ine tulo tandithawa. Ndikatseka maso ndimangoona mabeseni opanda kanthu atafola. Dzana ndinapsereza nyemba ndili chiimire pomwepo, maso ali pa poto. Koma ndidzachita ndekha, monga ndachitira zonse.

Ednah


Mtendere
4 Novembala 2023

Amama,

Muli bwanji? Munikhululukile Chinyanja changa cha mu Lusaka, niziba muzaseka.

Nenze napita ku garaji ku Chelstone kusakila ba Elvis, chifukwa sinenze kukhulupilila kuti imwe mungakhale che zii. Minibasi yao inafa injini, ili pa miyala pafupifupi mwezi wonse. Kalata ya ba tate bakulu ba Alick yenze mu dashibodi, pansi pa ma sipanala. Ba Elvis banagwila kumutu, bakuti benze baibala.

Ninaibelenga mu basi, ninalila mpaka kondakitala ananifunsa ngati kuli malilo. Ba mami banaibelenga kunyumba. Banangena mu bafa nakutsegula mpope kuti tisamvele, koma manzi kunalibe tsiku ija, so tinamvela vonse.

Amama, ine sinifuna mapoto. Chileshe azadya vamene azapeza, ni muntu mukulu. Nifuna imwe. Ngati simungakwanise kubwela, ine nizabwela kwamene uko na chitenge changa cha tsiku ija, munione. Osanyamula kanthu. Osamwa futi vija vintu.

Ba mami bafuna kukulembelani koma bangong'amba mapepala. Nabeve sibali bwino. Miyendo yao yatupa monga mitondo, koma ukabauza bakuti nilibe nthawi yodwala. Ine niopa, Amama, nilibe wouza.

Mwana wanu,
Lillian


Kanakantapa
12 Novembala 2023

Mng'ono wanga,

Ndadzuka. Mphamvu sizinabwerere zonse, ndiye zilembo zikakhota usaseke. Kalata yako yokwiya ndi ya Lillian amake Mavis anazibweretsa tsiku limodzi. Mwamwayi ndinayamba ndi yako, ya mwana inadzatsuka m'kamwa.

Usang'ambenso mapepala. Chitini sunandimwetse ndiwe. Ndinatsegula ndekha, chifukwa nanenso Mainess wakale ndimamufuna kuposa mmene umamufunira iwe. Alamu ako ndawakalipira chifukwa cholemba mobisa, kenaka ndawakazingira mazira.

Masiku amene ndinagona aja ndinkaganiza za chitsime chathu cha kudimba. Nyengo ino mvula isanagwe chimapereka madzi ochepa m'mawa, kenaka umayenera kuchisiya kuti abwerere. Ukaumirira kupala mpaka pansi umatunga matope, ndipo mawa lake sichikupatsa kanthu. Zaka zonsezi chitsime ndakhala ndikuchimvera, koma thupi langa ayi.

Tsopano ndikadzuka sindithamangira tsache. Ndimayamba ndakhala pa bedi, mapazi pansi, n'kumvetsera. Mutu ukakhala wopepuka, mtima uli phee, ndimadziwa kuti lero ndili ndi ntchito ya m'mawa dzuwa lisanakwere. M'makutu mukamalira, manja akulemera, limenelo ndi tsiku la pa mphasa: kusankha nyemba, kusoka, kapena kungoyang'ana nkhuku zikukangana. Tsiku loipa silindivuta kwenikweni, chifukwa limanena zoona. Loopsa ndi labwino. Limabwera likuseka n'kumati chita ichi, chitanso icho, mawa lake n'kukusiya wekha pansi. Ndiye ndikuphunzira kuleka ndikadali ndi mphamvu. N'zovuta kuposa kulima, Ednah. Kusiya khasu pakati pa mzere anthu akudutsa mu msewu, manyazi ake ngati waba. Pa maliro ndimapitabe, koma m'mawa mokha. Ndimapepesa, ndimakhala pansi, ndimabwerako. Olankhula akulankhula, ndipo zimandiwawa, sindikana.

Unatchula amayi. Inde, analima mpaka mlungu womaliza. Iwe unali ku Lusaka, ine ndinali nawo. Madzulo aliwonse ankalira miyendo ine ndikuwathowa ndi madzi otentha, ndipo ankandiletsa kukuuza. Anamwalira asanaone mdzukulu ndi mmodzi yemwe akukwatiwa. Ine ndikufuna ndimuone Lillian, ndidzanyamulenso mwana wake.

Maheu a m'shopu usagule, ungatichititse manyazi kwa Abemba mpaka kalekale. Thobwa ndayamba kale, ndipo ndi ntchito yondiyenera chifukwa nalonso limafuna kudikira. Tsiku lina ndinaviika chimanga ndi mawere aja ndinasunga a ku Katete, n'kukagona. Ndinavundika m'thumba, zikumera ine ndikupuma. Dzulo ndinayanika chimera, alamu ako ali pambali kuingitsa nkhuku. Kuchigayo apita okha. Ndidzafika Lachinayi la mlungu wa mwambowo ndi chimera changa. Phala adzatakasa atsikana, ine ndidzakhala pa mpando n'kumanena kuti apa thirani, apa lekani. Nkhuku ndi nsinjiro zidzatsogola ndi amake Mavis, ndipo alamu ako apeza mbewa zouma kwa mnzawo wina, akuti mkamwini asathawe mayeso.

Undipezere mpando wotsamira ndi kachipinda kotseka chitseko masana. Chinanso ndinene lero, usadzakhumudwe pa tsikulo: ponyamula zakudya kupita kwa mkamwini ine sindidzapita nawo. Ng'oma ndi kuvina pa geti sindingathe. Ndikudziwa kuti malo a mayi wamkulu ndi kutsogolo kwa mzere, koma udzaime ndiwe. Azakhali a Chileshe ukawauze zoona, kuti mayi wamkulu akudwala. Si mawu otukwana.

Kuno kwayamba kugunda chakum'mawa. Chaka chino tidzala munda wa pafupi ndi nyumba wokha. Nanga miyendo yakoyo, wakaonetsa?

Mkulu wako,
Mainess


Mtendere
3 Disembala 2023

Akulu anga,

Ndikhulupirira munafika bwino ndipo matope sanakuvuteni pa msewu. Ine ndikulemba ndili pa bedi, miyendo pa pilo. Munachoka m'nyumba mudakali anthu, sitinapeze pokhala awiri, ndiye ndikuuzeni pano.

Zimene zinachitika kwa mkamwini simunazione. Tinafika ndi nyimbo, mabeseni pamutu, tinavina pa geti mpaka akuchimuna atatilandira. Chileshe mbewa anadya, atatsinzina ngati akumwa mankhwala, abale ake akugubuduzika ndi kuseka. Azakhali ake atalawa thobwa anapempha kapu ina, kenaka anafunsa kuti, "Bamene bapanga ichi bali kuti?" Ndinayankha monga munandiuzira, kuti akudwala, atsala kunyumba. Ndinkayembekeza nkhope zokwinya. Mayiyo anangondigwira dzanja n'kunena kuti, "Mwachita bwino kubasunga. Ise bakulu bathu tinaika chaka chatha. Benze sibamvela kukhala pansi."

Koma chimene chandilembetsa ndi china. Ine m'mutu monse munali mabeseni, sindinaganizeko kuti pa mwambowu mkwatibwi amatsala kunyumba. Tonse tinatuluka kutsatira ng'oma, ndi ana a aneba omwe. Titabwerako ndinathamangira kukachipinda kanu kuti ndikuuzeni za thobwa. Ndinapeza inu mwatsamira khoma, Lillian wagona pa miyendo panu, chitenge chake chatsopano chakwinyika, inu mukumusisita tsitsi ngati kale. Anandiuza pambuyo pake kuti anthu atangotuluka mantha a banja anamugwira. Milungu yonseyi panalibe amene anakhala naye pansi. Alangizi ankamuphunzitsa, ine ndinkamutuma. Akuti munangomufunsa kuti, "Thupi likuti chiyani, mwanawe?" Iye n'kuyamba kulira, kenaka n'kugona tulo.

Mukanagwira khitchini milungu iwiri monga ndinkafunira, kapena kuima kutsogolo kwa mzere, mwana wanga akanakhala yekha m'nyumba tsiku limenelo. Ndinatseka chitseko pang'onopang'ono n'kukakhala pa thumba la makala kuseri. Ndinachita nsanje, ndisaname. Kenaka ndinathokoza Mulungu kuti simunandimvere. Mundikhululukire mawu aja ndinakulemberani.

Lolemba ndinalephera kudzuka. Ndinatsegula chitini, ndinachiyang'ana, n'kuchithira m'sinki. Mawa lake Lillian anandikokera kukiliniki: bipi, ngati yanu yomwe. Andilembera masiku opuma, ndipo abwana ang'ung'udza koma avomera. Ukwati wa kutchalitchi ndi wa mu Epulo, ndiye nthawi ilipo.

Vuto n'lakuti kupuma sindikudziwa. Ndikagona ndimaona fumbi pa kabati, ndimadzuka. M'mawa ndikuyesa zanu zija, kukhala pa bedi mapazi pansi n'kumvetsera, koma ndimangomva mawu a amayi akuti dzuka waulesi iwe, kwacha. Ndatopa, akulu anga. Ndikuganiza kuti ndinatopa kalekale, kungoti sindinkadziwa kuti munthu anganene.

Minibasi ya ba Elvis yadzuka. Kodi pansi pa mango wanu uja pali malo a mphasa yachiwiri?

Mng'ono wanu,
Ednah


Kanakantapa
7 Disembala 2023

Ednah,

Bwera. Mwezi wa ku Solwezi watha tsopano, Kondwa watumiza foni, koma izi ndati ndilembe kuti uziwerenge kawiri.

Usagule shuga, usagule buledi, usanyamule kanthu kupatula mapiritsi ako ndi chitenge. Ukatsika pa siteshoni usayende dzuwa lili pamutu. Ukhale pa khonde kwa amake Mavis mpaka alamu ako abwere ndi ngolo. Kuno chimanga chamera, udzu nawonso wamera, ndipo ndikukuchenjezeratu kuti ukadzauona manja adzakuyabwa. Khasu lachiwiri ndabisa kale.

Mawu a amayi aja nanenso ndimawamva m'mawa uliwonse. Ndimawayankha mwaulemu kuti, "Ndamva amayi, ndidzuka posachedwa," kenaka ndimakhalabe. Mpaka lero sanandimenye.

Ulendo wa ku Lusaka unandigoneka pa mphasa masiku angapo, koma sindikudandaula, ndinkadziwa ndisanakwere. Lero ndili pakatikati. Za mawa sindikudziwa.

Mphasa yachiwiri ilipo, alamu ako aikung'untha kale. Ukadzafika n'kundipeza ndagona, usandidzutse, ndipo usayambe kusesa. Vula nsapato ugone pambali panga.

Ndine mkulu wako,
Mainess